Mapesi a Nazale ya Apongozi

Bowa wanga woyamba ndidamulima pa mapesi akuba, ndipo mwini mapesiwo adali apongozi anga aamuna. Ndayamba ndi pamenepa chifukwa kwa zaka zambiri nkhaniyi ndakhala ndikuifotokoza modumpha, ndikungotchula za bowa wokoma ndi anthu odabwa.

Kwathu ndi ku Nathenje, koma ndidakwatira ku Mitundu n'kumakhala komweko chikamwini. Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Ndinkagwira ntchito yolimira maluwa ndi kusesa pa sukulu ina ya zaulimi, ndipo poti ndinkavala ovolosi ya kumeneko, pamudzi ndinkayenda ngati ndine mphunzitsi. Amati mkamwini asamakule mwendo, koma wanga udakula msanga.

Kuntchitoko kudali bambo wina woona za kafukufuku amene ankameretsa bowa m'timatumba tapulasitiki, m'kanyumba ka mdima. Nditamuumirira masiku ambiri, adandipatsa mabotolo awiri a mbewu ya bowa. Mbewuyo idali mapira okutidwa ndi zinthu zoyera ngati ulusi wa kangaude. Adandiuza kuti nkhani yonse yagona pa chomeretsera. Chabwino koposa kwa woyamba kumene ndi mapesi ouma, oyera, osagwa chuku. Uwadule tizidutswa, uwaviike m'madzi, uwaphike ndi nthunzi mumgolo, akazizira ndiye uthire mbewu. Masamba ouma a nthochi amathekanso, zitsononkho zosinja nazonso. Utuchi adati ndisamale nawo, makamaka wa bulugamu. Adawonjeza kuti mbewuyo siichedwa kukalamba, ndisaisunge.

Ndidavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkamuseka. Ine ndidakula ndikuzula bowa ku Nathenje, ndipo ndinkadziwa kuti bowa amamera pachulu. Za mapesi ndidaziyesa nzeru za m'mabuku. Choncho botolo loyamba ndidalithira m'dothi la pachulu losakaniza ndi ndowe, ndidauza mudzi wonse kuti udikire ndiwo. Patatha milungu iwiri, m'timatumbamo mudali chuku chobiriwira ndi fungo loti ngakhale nkhuku zinkalambalala. Alamu anga adandipatsa dzina loti Achulu. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo womangayo ndidali ine.

Lidatsala botolo limodzi, ndipo tsopano ndinkafuna mapesi. Koma uwu udali mwezi wa Seputembala. M'minda ng'ombe zidali zitadya kale, ndipo zotsala anthu osaka mbewa adali atatentha. Zitsononkho amayi ankasonkhera moto, sakadandipatsa. Nthochi pamudzipo zidali mapando atatu okha. Kwa akalipentala a pa Mitundu utuchi udali wosakanikirana, bulugamu yemweyo ali momwemo. Ndikadatha kupalasa njinga kupita kwathu ku Nathenje kukafunsa, koma ndinkaopa kuti nkhani ya Achulu ikafikanso kumeneko.

Mapesi abwino adali pamalo amodzi okha. Apongozi anga aamuna ankalima fodya wa chikopa, ndipo chaka chilichonse akangokolola chimanga ankamanga mapesi m'mitolo n'kuwasunga pa thandala kudimba, pomwe ng'ombe sizikadafika. Mapesiwo adali otenthera nazale. Asanafese fodya, mlimi amaunjika mapesi pa mabedi n'kuyatsa, kuti moto uphe njere za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka. Moto ukachepa, mbande sizilimba. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, chifukwa chaka chapitacho ndidawathandiza ndine kuyatsa. Fodya ameneyo ndiye ankaveka banja lonse, mkazi wanga yemwe adakulira momwemo.

Kupempha kudali kosavuta. Apongoziwo adali munthu wofatsa, wosachulutsa mawu, ndipo nawonso adabwera pamudzipo ngati mkamwini kalekale. Koma pakamwa panga padalemera. Ndikanayamba bwanji kunena kuti dothi lidandikanika, tsopano ndikufuna mapesi anu?

Tsiku lina kudagwa maliro m'mudzi woyandikana ndi wathu. Anthu onse adapita, ndipo ine ngati mkamwini ndinkayenera kukhala patsogolo ndi khasu kumanda. Ndidauza mkazi wanga kuti kuntchito andiitana. Dzuwa lili pamutu, kudimba kuli zii, ndidatsitsa mitolo isanu ndi umodzi pa thandala paja n'kuituta pa njinga maulendo atatu. Nyimbo za maliro zinkamveka kutsidya kwa dambo uku ine ndikudula mapesi ndi chikwanje kuseri kwa nyumba. Ndidaviika, m'mawa mwake ndidaphika mumgolo, ndidalonga m'timatumba ta shuga, ndidathira mbewu. Luzi lomwe lidamanga mitoloyo ndidaliona kuti ndi lolimba, ndiye ndidapachikira timatumbato m'kachisakasa kanga. Mkazi wanga atafunsa komwe ndapeza mapesi, ndidati andipatsa kuntchito.

Apongozi aamuna ataona kuti mulu wachepa, sadakuwe. Apongozi aakazi ndi amene adatukwana eni ng'ombe a mudzi wa kumtunda, mpaka mawu adafika kwa eniakewo ndipo moni adatha pakati pawo. Ine ndidali pomwepo, ndikupukusa mutu ngati womva chisoni. Tsiku loyatsa nazale ndidapita kukathandiza. Mapesi otsalawo tidawayala mopyapyala pa mabedi onse atatu, ndipo moto udangoyenda pamwamba n'kuzima, nthaka osapsa n'komwe. Mkuluyo adapalasa dothi ndi chala, adaliyang'ana, kenaka adafesa.

Zinthu ziwirizi zidakulira limodzi. M'kachisakasa mwanga timatumba tidayera mbee, ndipo pakutha kwa mwezi tidayamba kutulutsa timitu ta bowa m'mabowo. Kudimba udzu udamera kuposa fodya. Mbande zidachita chikasu, ndipo ukazula umapeza mizu yotupa timfundo. M'mawa uliwonse ndinkawaza madzi bowa wanga, kenaka ndinkaona apongozi akudutsa ndi keni kupita kukathirira mbande zomwe ankadziwa kuti sizipulumuka. Mlangizi wa zaulimi atabwera adawauza kuti bedi limodzi lokha ndilo lingawokeredwe. Komabe ine sindidaulule.

Bowa atakula padabuka vuto lina. Kudali kusanagwe mvula ngakhale dontho, ndipo anthu adayamba kunong'ona kuti bowa wa m'chilimwe, womera m'nyumba, si wabwinobwino. Ena adati ndi wa poizoni, ena adati mkamwini wa ku Nathenje uja ali ndi zake zomwe amadziwa. Mawu oterowo pamudzi wa eni amatha kukusamutsa. Mkazi wanga adaphika mphika woyamba ndi nsinjiro, koma ngakhale mayi ake adakana kulawa, ndipo iye adakhala pakhonde misozi ili m'maso.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, apongozi aamuna adabwera kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo. Adaodira, adapempha kuti aone kachisakasako. Ndidawatsegulira. Adayang'ana bowa nthawi yaitali. Kenaka adakweza dzanja n'kugwira luzi lomwe lidapachika kathumba kamodzi. Iwo ankamanga mitolo ndi mfundo yawoyawo, yopinda kawiri, ndipo ine pofulumira sindidamasule zonse, zina ndidangodula pambali. Mfundoyo idali pomwepo, pakati pa zala zawo. Adaisiya n'kutuluka.

Panja adakhala pa mpando n'kuuza mwana wawo kuti abweretse ndiwozo. Adadya poyera, anthu akuona, pang'onopang'ono, mpaka adapukuta mbale. Atasamba m'manja adakweza mawu kuti alamu anga ndi oyandikana nafe amve.

"Ndi ndiwo izi. Amene akuopa abwere mawa adzaone ngati ndafa."

Anthu adaseka, ndipo apongozi aakazi adatumiza mbale yawo. Nkhani ya ufiti idathera pomwepo. Ine ndidawaperekeza mkuluyo mpaka pa nkhokwe, pomwe padalibe wotimva. Adaima, osandiyang'ana kumaso.

"Akamwini," adatero, "mukadandipempha, ndikadakupatsani a bedi limodzi. Ndikadafesa awiri okha, opsa bwino."

Ndidafuna kugwada, ndidafuna kunena kanthu, koma chomwe chidatuluka ndi "Inde, bambo," basi. Manyazi omwe ndidamva pamenepo sindidawamvenso pena paliponse, ngakhale tsiku lomwe adandichotsa ntchito patapita zaka.

"Mayi anuwa musawauze," adapitiriza. "Inenso ndine wobwera pano. Koma mapesiwo akatha kubala, mundibwezere. Ndikathira m'munda."

Mvula itagwa, munthu wamkulu uja adayenda ndi dengu mpaka ku Malingunde kukapempha mbande kwa achibale, ndipo zomwe adapeza zidakwana theka la munda. Chaka chimenecho apongozi aakazi sadagule chitenje chatsopano, ndipo mpaka imfa yawo ankatukwanabe ng'ombe za kumtunda.

Bowa adabala katatu n'kuleka. Ndidang'amba timatumba tonse, ndidakhuthulira mapesi owolawo mu wilibala, ndipo mitolo isanu ndi umodzi ija siidadzaze n'komwe. Ndidakankha mpaka kumunda. Apongozi aamuna adali akupalira, ndipo atandiona adangoloza ndi khasu mbali yomwe idalibe fodya. Ndidakathira kumeneko.