Khirisimasi imene amayi anamata masamu anga

Chaka chimenecho ndinabwera kwathu ku Domasi nditasenza sapu. Sapu ndi mayeso obwereza, ndipo ukalepheranso, yunivesite imakuuza kuti ulongedze. Phunziro limene linandigwetsa linali kwantamu elekitirodayinamiki, dzina limene amayi atalimva anati ndisamalitchule ndikudya, ndingatsamwe. Nkhani yake ndi ya elekitironi, kanthu kosaoneka ndi maso koma kopulupudza. Kakamayenda kamalavula kuwala n'kukumezanso, ndipo masewera amenewo amasinthako pang'ono mphamvu yake ya maginito. Ntchito yathu inali kuwerengera pang'ono ameneyo. Ine ndinkangoloweza mizere ya masamu ngati katekisimu, ndiye m'mayeso mzere umodzi utathawa, inayo inautsatira.

Buku ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa ku Malosa, nayenso wa sapu. Poti anali kulifuna msanga, ndinatola khala n'kukopera zonse pakhoma la khitchini. Pamwamba ndinajambula chithunzi chake: mzere wowongoka wa elekitironi, ndi wina wokhotakhota wa kuwala, wotuluka n'kubwereranso. M'munsi mwake masamu anatsika mpaka pakhonde. Ndinkayima patali, manja m'chiuno, kudzitama ndekha.

Nditamaliza, ndinapalasa njinga kukabweza buku. Ndinayiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa m'chigwa chathu amadziwa: Khirisimasi ikayandikira, azimayi amazira makonde ndi kupaka makoma dothi. Pobwera ndinapeza khoma lili psuu ndi katondo, losalala, lonyezimira.

"Amayi! Masamu anga ali kuti?"

"Zamakala zija? Iwe, alendo abwere adzaone khoma lakuda ngati kwathu kulibe munthu wamkazi?" Anali akusamba m'manja, osatekeseka n'komwe. "Koma kanjoka kako ndakasiya. N'kokongola."

Anali atakasiyadi. Chithunzi chija anachilembanso ndi dothi loyera, n'kuchizunguliza ndi maluwa. Komanso poona kuti chapendekera mbali imodzi, anawonjezera mzere wina wokhotakhota. Ndinali wokonzeka kulira, misozi ili m'njira, koma nditaona mzerewo ndinaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Mizere iwiri yokhotakhota ndi masamu ovuta kwambiri, amene ngakhale aphunzitsi athu ankangowalambalala. Amayi anali atandikweza kalasi ndi chala chimodzi.

Kuseka kutatha, mantha anabwera. Buku kulibe, khoma kulibe, mayeso ali pakhomo. Khala nalo amayi analiletsa: "Ukakhudza khomalo, ukadyera Khirisimasi ku Songani."

M'mawa mwake ine ndi amayi tinapita kudimba kukawokera mpunga. Msana utawawa ndinakhala pamchenga m'mbali mwa ngalande, n'kutola kamtengo. Ndinajambula kanjoka ka mzere umodzi, popeza n'kokhako kamene kanatsala m'mutu. Kenaka ndinakafunsa: kuwalaku kukutuluka pati? Ndinalemba. Kukubwerera pati? Ndinalemba. Ndinadabwa kuona kuti chigawo chilichonse cha chithunzi chinkandiuza chokha choti ndilembe, zimene aphunzitsi ananena kambirimbiri ine ndili kalikiliki kukopera. Ndinkafufuta ndi phazi, kusuntha chokwawa, kulembanso. Pena ndinasochera, ndinatukwana elekitironi ndi mtundu wake wonse, n'kubwerera pambuyo. Mchenga utatha, ndinalowa m'njira, ndipo bambo wina wanjinga anachita kundilambalala akupukusa mutu.

Dzuwa lili paliwombo, zinthu zinayamba kudyana zokhazokha, ichi kufafaniza icho, mpaka kunatsala kanambala ka pang'ono uja, kamene akatswiri pa dziko lonse amakadziwa: 0.00116. Palibe anandinong'oneza. Kanachokera m'mutu mwangamu, mutu womwewu umene unalephera!

Ndinakuwa. Ndinalumphira m'madzi ndi chitenje chomwe, matope thoo kumaso, mbande zili mbwee. Amayi anaweramuka, mpunga uli m'manja.

"Chakuluma n'chiyani?"

"Chatuluka, amayi! Ndachitulutsa ndekha!"

"Wakhoza mayeso?"

"Ayi, sindinalembe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudumphabe. Sanafunse za nambalayo. Chimene anaona n'chakuti mwana amene anabwera atazyolika, wosadya bwino, wosaseka ndi anthu, wabwerera. Anaponya mbande pansi, n'kumanga chitenje m'chiuno.

"Basi, tivinire limodzi. Zolembazo ukalemba."

Nthungululu yawo inamveka mpaka kutsidya, ndipo azimayi a m'madimba ena anayankha osadziwa n'komwe kuti kwagwanji.