Chimbale cha katuni chapezeka kumapira

Mwaswera bwanji nonse.

Lero dzuwa limaswa mtengo kuno kwa Tengani, kumunda kukungomveka zitini ndi mfuu za oingitsa mbalame. Nditafika kumapira ndinaona chinthu chikunyezimira pansungwi. Kuyandikira, ndi chimbale chathu cha katuni chija! Adzukulu anga, ana a Esinati, achimangirira pamenepo kuti chiziopseza mpheta.

Mukuikumbukira mbuzi ya m'chimbalemo, yopangidwa pakompyuta ija, ya mutu ngati njerwa, yoyenda osapinda maondo? Pamene inagwera m'chitsime paja, malemu mayi anu anaseka mpaka kutsamwa tiyi, amvekere, "Bwezani, bambo a Esinati, igwenso!"

Nditawafunsa anawo, wamkulu akuti, "Agogo, katuni yake ndi yonyasa, ngakhale mbalame zikuithawa."

Chimbalecho chapindika ndi dzuwa, sichikuonetsanso. Alipo akudziwa kochiwongolera? Koma anawo musawakalipire, ine ndawakhululukira.