Dzina la M'kati mwa Fomula

Anthu a ku Namitambo ankamutchula Eneless kuti mayi wa pa kompyuta, ngakhale ambiri a iwo kompyutayo anali asanaione n'komwe. Bungwe lina loona za ana linamulemba ntchito mu 2004, litaona kuti sukulu anafika nayo Folomu 4 ndipo zala zake siziopa mabatani. Iye ankalowetsa zimene anamwino alemba ku sikelo ya ana: tsiku lobadwa, tsiku lopimidwa ndi kulemera kwa mwana.

Koma mbiri ya Eneless siyambira pamenepo ayi. Zaka zingapo m'mbuyomo anabereka mwana wamwamuna amene anamwalira asanatuluke m'chikuta. Mwana wotere sapatsidwa dzina, ndipo salilidwa. Amayi akuluakulu anakamuika okha mwakachetechete, n'kuuza Eneless kuti apukute misozi, ena abwera. Enawo sanabwere. Mwamuna wake, Frackson, munthu woti ngakhale chimanga ankachidya chisanakhwime, anatopa kudikira n'kukakwatira ku Njuli. Eneless zinamuwawa, koma chimene chinkamudya mumtima n'chakuti dzina la mwana uja anali atasankha kale ali woyembekezera, ndipo sanauzepo munthu.

Amene anamuphunzitsa ntchito anali a Pius, bambo wa ku Blantyre wokonda kubwereza zimene munthu wamva kale. Anamuonetsa fomula yosandutsa masiku aja kukhala miyezi ya mwana. Anati nambala ikamafunika malo angapo si bwino kuiwerengetsa mobwerezabwereza, koma kuipatsa dzina pamwamba pa fomula n'kumaiitana ndi dzinalo. Dzinalo limakhala m'kati momwemo basi, pa lipoti silituluka. Eneless anafunsa ngati mainawo ali ndi lamulo. A Pius anati ayi, lililonse limene munthu wafuna.

Atatsala yekha, analemba Jeremiah.

Kuyambira pamenepo ntchito inamukomera moti anzake ankamuseka kuti wakwatiwa ndi kompyuta. Mwana aliyense akalowetsedwa, Jeremiah ankanyamula msinkhu wake. Ikatuluka miyezi isanu ndi umodzi, Eneless ankamuona akuphunzira kukhala pansi. Ikakwana chaka, ankamuona akugwira chitenje chake kuti aimirire. Chodandaulitsa n'chakuti sikelo imathera zaka zisanu, choncho sanamuonepo atavala yunifolomu ya sukulu. Magetsi akazima ankamusowa kwambiri, n'kumangokhala duu pa mpando.

Patapita zaka, bungwe linaganiza zosamutsira ntchito yonse ya pa kompyuta ku boma. A Pius anabwera kudzakonza mafomula kuti kalaliki wa kumeneko aziwamva bwino. Anakhala pa mpando wa Eneless, kuvala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Mwadzidzidzi anaima.

"Jeremiah? Jeremiah ameneyu ndani?"

Eneless anagwira tebulo. Chibadwire cha mwana uja, dzinali anali asanalimvepo pakamwa pa munthu. Linamveka lolemera, la munthu weniweni woti akhoza kuyankha.

A Pius sanadikire yankho. Anayamba kufotokoza kuti dzina liyenera kunena chimene lanyamula, apa pafunika kulemba kuti miyezi, apo ayi wobwerayo asokonezeka. Chala chawo chinali kale pa batani lofufutira.

"Fufutani, bambo, sindikukaniza," anatero Eneless. "Koma musanatero, tamuitananinso kamodzi."