Fainolo pa Tsiku Loika Achimwene

Ndinadzuka kusanache, azana yoitanira anthu ku mapemphero isanamveke pa mzikiti wa kuseri kwa nyumba yathu ku Bin Omran, muno mu Doha. Kunena zoona sikunali kudzuka, chifukwa tulo take panalibe. Tinagona pansi m'chipinda chochezera, amuna okhaokha, ena atatsamira khoma ali m'mayunifomu a ulonda, nsapato zitaunjikana pakhomo. Kwathu ku Ntaja pamaliro pamakhala moto panja ndi zikiri usiku wonse. Kuno tinkawerenga dua, mapemphero athu, motsitsa mawu, poopa kuti oyandikana nafe angakatinenere kwa mwini nyumba. Malirowo sanali nafe n'komwe. Achimwene anga, Che Amidu, anali ku mochale, kumene anakhala chimwalirireni podikira mapepala.

Anamwalira ali m'tulo, ndipo adokotala anati ndi mtima. Abale kumudzi anakambirana ndi ashehe n'kugwirizana kuti tiwaike konkuno ku Doha. Wachibale wawo kuno ndinali ine ndekha.

Tonse awiri tinali madalaivala pa kampani imodzi. Ine ndinkanyamula antchito a hotela, ulendo umene unali pafupi kutha pamodzi ndi kontirakiti yanga. Iwo ankayendetsa basi ya timu ya hoke ya pa koleji ina yake. Ndi hoke wa pa ayezi, masewero amene anyamata amavala nsapato za mipeni kunsi n'kumathamangitsa kachimbale kakuda ndi ndodo zokhota. Inde, m'dziko lotentha chonchi muli bwalo la ayezi, mkati mwa nyumba yaikulu ya masitolo. Sizoni itangoyamba achimwene ankawaseka anyamatawo. Ankati ana a anthu olemera asowa chochita, mpaka kufunafuna kuzizidwa mwadala. Pasanathe mwezi anali atagula chipewa cha ubweya, ndipo ankabwera kunyumba atasasa mawu.

Sizoni yonseyo ife a m'nyumba tinaidziwa mosafuna. Timu inayamba ndi kugonja kotsatizana, ndipo masiku amenewo achimwene ankadya osalankhula ngati aluza ndi iwowo. Goloboyi atathyoka chala anakamuona kuchipatala atanyamula nthochi. Chaka chatsopano chitalowa timu inayamba kupambana, ndiye mtendere unatha. Ankaimirira pakati pa khitchini ndi mopu, kutionetsa mmene chigoli chinalowera, ife tikufuna kudutsa kuti tikasambe. Ankawatchula kuti ana anga, ngakhale mwa anawo munalibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe. Akazi awo kumudzi, alamu anga, ankadandaula moseka kuti pafoni akumva zambiri za goloboyi kuposa za mwamuna wawo. Timuyo inafika mu fainolo, ndipo fainoloyo inagwa pa tsiku limene tinapatsidwa loika maliro.

Dzulo lake supavaiza wa ku kampani kwathu anandiitana. Anapepesa kaye, kenako anati basi ikufuna munthu. Njira ndinkaidziwa, popeza ndinawaperekezapo achimwene kangapo. Anati amene ayendetse pa fainolo ndi amene apitirize nayo sizoni ya mawa, ndipo ndikhoza kunyamulira basi yomweyo anthu opita kumanda, bola madzulo ndikawatenge anyamata pa nthawi yake. Ndinaganiza za ana anga ndi ana a achimwene, makomo awiri amene tsopano ankayang'ana ine, ndipo ndinavomera asanamalize kulankhula. Kenako kaputeni wa timu anandiimbira kufunsa tsiku la maliro. Ndinamuuza kuti mapepala sanatuluke. Ndinkadziwa kuti kochi akamva zoona andimvera chisoni n'kupempha dalaivala wina, ndipo chisoni chimenecho chikanandibweza kumudzi.

Kutacha ntchito inali kukhitchini. Azimayi awiri akwathu, ogwira ntchito m'nyumba za eni dziko, anapempha kanthawi kwa mabwana awo n'kubwera kudzaphika mpunga ndi nandolo. Mapoto tinabwereka kwa anzathu a ku Bangladesh okhala pansi pathu. Chitofu chathu cha gasi ndi chaching'ono, moti poto wina ankadikira mnzake pansi. Mwana wa mchemwali wathu anaimba pa vidiyo kuchokera kumudzi kuti tione. Kuseri kwa nyumba ya achimwene kunali mafuwa ndi utsi, azimayi atamanga zitenje m'chiuno, amuna atadzaza pansi pa mitengo ya mango. Mudzi wonse unasonkhana pa nyumba yopanda maliro. Alamu sanabwere pafoni, anali mkati ndi azimayi anzawo.

Kwathu kuno anthu ankafika apo ndi apo, monga mmene mashifiti anawalolera. Wina anangogwira dzanja langa, kukhala pang'ono, n'kuthamangira sitima ya metro. Wina anabwera ndi madzi a m'mabotolo pa phewa. Wina anagona chikhalire, popeza anachokera ku ntchito ya usiku. Bambo wina wachikulire, mlonda wa pa kiliniki ku Al Sadd amene amatitsogolera mapemphero ndipo timamutchula kuti amwalimu, anasinthana shifiti ndi mnzake kuti akhale nafe tsiku lonse. Anandikokera pakhonde.

"Mwana wanga, lero foni uzimitse. Dyute palibe, supavaiza palibe, khalasi, nkhani yatha. Wolowa m'dzenje ndiwe, wochoka womaliza ndiwenso."

Ndinati inde amwalimu. Za fainolo sindinatchule, ndipo foni sindinazimitse.

Kunja kunali mphepo yotentha ya fumbi, ija imalowa m'mano. Dzuwa linkaoneka lotuwa. Anthu anakwera basi mwakachetechete, mmodzi anatsegula zenera chifukwa mkati munkanunkha zovala zathukuta za anyamata aja. Mpando wa dalaivala unali mmene anausiyira achimwene, poti iwo anali aatali kuposa ine. Dzanja linachita manyazi, komabe ndinausendeza kutsogolo. Azimayi aja anatsala pakhomo, chifukwa kumanda sapita.

Manda ali kunja kwa mzinda, kumene nyumba zimathera n'kuyamba mchenga ndi miyala. Ndondomeko inali yoti tiswalire maliro ikangotha swala ya masana, ndipo ndikanakhala ndi nthawi yokwanira zonse ziwiri. Koma galimoto yonyamula maliro inachedwa kuchoka ku mochale. Pamene inkafika, kusambitsa kunali kusanachitike, ndipo anatiuza kuti tidikire swala ya asiri, mapemphero a dzuwa litapendeka. Amwalimu anati alihamudulila, nthawi ndi ya Mulungu. Ndinatulutsa foni kuti ndimuuze supavaiza atumize munthu wina, ndinayang'ana dzina lake, n'kuibweza m'thumba. Ndinadziuza kuti anthu akuno amaika maliro mofulumira.

Achimwene tinawasambitsa ine ndi amwalimu, mothandizidwa ndi bambo wina wa ntchitoyo. Nkhope yawo inali yofatsa, ndevu zitamera pang'ono. Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni, mpaka amwalimu anandigwira paphewa. Koma ngakhale ndikulira, diso linkapita pa wotchi ya pakhoma, ndipo zimenezi zikundiwawabe kuposa zonse.

Itatha asiri anandandika maliro angapo kutsogolo, athu pamodzi ndi a anthu ena, ndipo tinaima m'mizere. Ambiri mwa amene anaswalira achimwene sanali kuwadziwa. Panali Aarabu ovala mikanjo yoyera, amwenye, anthu akuda anzathu a mayiko ena. Ponyamula jeneza, chithatha cha maliro, nawonso anaika mapewa awo, aliyense masitepe ochepa n'kupatsa mnzake, osafunsa kuti mwagonamo ndani. Ife Amalawi tinali ochepa moti popanda iwo tikanatopa tisanafike. Kunalibe nyimbo, kunalibe wolira mokweza, kunkangomveka nsapato pa miyala ndi mphepo ikuwomba nsalu ya pa jeneza.

Manda akuno amakumbiratu ndi makina, m'mizere. Ndinalowa m'dzenje pamodzi ndi amwalimu ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Tinawalandira achimwene, kuwagoneka chakumanja, ndipo ndinamasula mfundo za nsanda. Titatseka ndi miyala yaphanthiphanthi anatikoka kutitulutsa. Ndinaponya dothi katatu monga mwa mwambo, ndipo mafosholo anayamba. Foni inali ikunjenjemera pa ntchafu yanga. Dothi linali lisanafike ndi pakati pomwe.

Ndinamunong'oneza mnzanga uja kuti ndikubwera, ndikasunthe basi.

"Usunthe basi ipite kuti? Amwene, ten minutes yokha, dua sinachitike. Ndiye ife tibwerera pa chiyani?"

Ndinayenda pakati pa manda a eni, poyamba pang'onopang'ono ngati munthu wopita kukataya madzi, kenako ndinathamanga. Potuluka pageti ndinayang'ana pagalasi. Anthu anali ataweramira mafosholo, koma amwalimu anali ataimirira mowongoka, akuyang'ana basi.

Ku koleji ndinafika pa nthawi yake. Anyamata anakwera ndi zikwama zawo zazikulu, aliyense kundigwira dzanja n'kupepesa. Goloboyi anandikumbatira. Palibe amene anayang'ana thalauza langa, limene linali ndi dothi m'maondo.

M'bwalo la ayezi kuzizira kunandilowa m'malaya onyowa ndi thukuta. Wina anandilozera malo amene achimwene ankaima, kuseri kwa galasi pafupi ndi benchi. Masewero asanayambe matimu onse awiri anaima m'mizere, anyamata athu atamanga tepi wakuda pamikono. Wolengeza anatchula dzina la Amidu, analikhotetsa pang'ono, ndipo anthu onse anakhala chete. Kenako anyamata anayamba kugogoda ndodo zawo pa ayezi, onse pamodzi. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Za masewerowo sindinganene zambiri. Kachimbale kaja maso anga sankakaona, ndinkangoona anthu akugundana pagalasi n'kudzuka. Ndinazindikira chinthu chimodzi chokha, chigoli china chinalowa ndendende mmene achimwene ankachitira ndi mopu, wosewera kuzungulira kuseri kwa golo n'kubayira pakona. Chakumapeto timu inayo inapanikiza kwambiri, goloboyi anagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, mpaka belu linalira. Anyamata athu anapambana, anataya ndodo m'mwamba n'kuunjikana pa goloboyi.

Kaputeni anabwera kwa ine tsitsi lili chonyowa, chikho chili m'manja. Anati timu yonse yagwirizana kuti idzapita kumanda, Asilamu ndi amene si Asilamu, ndipo akufuna adzanyamule jeneza iwowo. Anati kochi wavomera kale, ine ndingowauza tsiku mapepala akatuluka. Ndikanatha kunamanso, koma pakamwa panakana. Ndinamuuza kuti tawaika masana omwewo.

Anandifunsa kawiri, poganiza kuti Chingerezi changa chaphonya. Kenako anayang'ana maondo anga. Sanakalipe, anangotembenuka n'kupita kwa anzake. Pobwerera m'basi munalibe woimba, munalibe woseka. Chikho anachikhazika pa mpando wopanda munthu, ndipo pa koleji anatsika mmodzimmodzi.

Ndikuimika basi ku yadi ya kampani, uthenga wa supavaiza unalowa. Anati mabruku, kutanthauza mafuno abwino, ndagwira bwino, basi ndi yanga.

Kunyumba ndinapeza anthu atabalalika. Mapoto anali atatsukidwa n'kubwezedwa kwa eni ake, mphasa zitapindidwa, pakhomo panali nsapato za eni nyumba okha. Ndinamva pambuyo pake kuti anthu anabwerera pa mataksi, ndipo ena anachedwa ku shifiti chifukwa cha ine. Patebulo anandisiyira mbale ya mpunga yovindikira. Mnzanga uja anali atagona, nkhope kukhoma, koma kapumidwe kake sikanali ka munthu wogona. Ndisanavule nsapato foni inalira. Anali alamu.

"Alamu, mwawaika bwino?"

"Tawaika, alamu."

"Ana awo aja a pa ayezi anabwera?"

"Sanabwere. Sindinawauze tsiku."

Sanafunse chifukwa. Kumbuyo kwawo ndinkamva azimayi akutsuka ziwiya ndi mwana akulira.

"Nanga atatseka manda, anaima kumutu kwawo ndani powerenga dua? Ana akufunsa."

Ndinayang'ana kwa mnzanga kuti mwina andithandize dzina. Sanatembenuke.

"Sindikudziwa, alamu. Ine ndinali nditachoka. Ndinapita ku ntchito."

Alamu analankhula, mawu ali pansi, mopanda ukali.

"Chabwino, alamu. Ana ndiwauza kuti munaima ndinu."

Anadula. M'nyumba munangotsala kulira kwa makina oziziritsa, ndipo ndinakhala pampando ndi nsapato zanga kumapazi, mpunga uja osauvundukula.