Pulagi Yakuda ndi Kansalu ka M'bokosi la Mpweya

Pulagi ya njinga yamoto sidziwa kunama. Munthu ukhoza kumufunsa ngati wadya, iye n'kukana, chikhalirecho milomo ikunyezimira mafuta. Koma pulagi ukaimasula n'kuiyang'ana kunsonga, imaulula zonse zimene injini yakhala ikuchita mseri. Ndinaphunzira zimenezi kale, pamene ndinkagwira ntchito yoperekera katundu panjinga m'tauni muno mu Harare. Nsonga ikada n'kuuma ngati mwaye, ndiye kuti njinga ikususuka: petulo wachuluka, mpweya wachepa. Ikayera ngati phulusa, njinga ikusala kudya mopyola muyeso, ndipo injini imatentha mpaka kupsa. Yabwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Ine ndimati Ambuye anabisa ulaliki ngakhale m'kachitsulo kameneka.

Nditapuma pantchito ndinagula njinga yangayanga, yofiira, yoti inatumikirapo kale anthu ena. Ana a kuno ku Highfield ankaithamangira akufuula dzina lake la m'Chishona kuti mudhudhudhu. Ntchito yake yaikulu inali ya Loweruka. Ku Hopley, kumalire a tauni, kunali gogo wina, madala a mumpingo mwathu, ochokera ku Tete, amene anafika kuno pothawa nkhondo. Maso awo anali atachita khungu, miyendo itakana. Adzukulu ankawasamala bwino, koma pakamwa pa anawo panali Chishona chokhachokha.

"Mulungu amamva Chishona, ndikudziwa," ankatero madalawo. "Koma ine ndikamapemphera m'Chishona ndimakhala ngati ndavala nsapato zobwereka."

Choncho Loweruka lililonse ndinkapita kukawawerengera Mawu ndi kupemphera nawo m'chinenero chathu. Kombi, minibasi ya kuno, imakutsitsa kutali ndi nyumba yawo, ndipo mawondo anga anali atayamba kale kudandaula. Popanda njinga, ulendowo panalibe.

Nyengo ya mphepo itafika, fumbi la ku Hopley linkalowa paliponse. Ndinkabwerako nsidze zitafiira, ndikutsokomola. Akazi anga anandisokera kansalu kotseka pakamwa ndi pamphuno. Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti fumbi lotere limapha ngakhale injini, chifukwa nayo imapuma ngati munthu. Ndinawalozera ndi chala bokosi limene njinga imakokera mpweya. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupeta mpunga.

Posakhalitsa njinga inayamba matenda. Ukaiponda inkadzuka monyinyirika, ikulavula utsi wakuda. Ukaipatsa moto inkatsamwa. Loweruka lina inazimira panjira, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuikankha, Baibulo lili pamsana, thukuta kamukamu. Loweruka linzake sinafike n'komwe ku Machipisa, msika wa ku Highfield konkuno. Mdzukulu wa madala aja anatumiza uthenga pafoni woti agogo ake akungokhalira kutchera khutu kumsewu, ndipo kudya achepetsa.

"Abambo, chinjinga chimenechi chikupherani," anatero akazi anga. "Chikakuzimiraninso, tigulitse. Sindifuna kukhala wamasiye chifukwa cha chitsulo."

Mchimwene wawo, alamu anga, amagulitsa masamba pa Machipisa, ndipo njingayo ankaisirira kuyambira kale. Atamva mawu akuti kugulitsa anafika tsiku lomwelo, ngati khwangwala woona chimanga chitatayika. Anandipeza pabwalo nditagwada pambali pa njinga.

"Alamu, mukuipempherera? Isanjikeni manja, mwina idzuka."

"Ndikuifunsa kaye chimene yachimwa," ndinayankha.

"Yakalamba basi, ngati mwini wake. Ndipatseni ine ndizinyamulira kabichi, ikafere m'manja mwa achibale."

Pulagi suiwerenga njinga itangolira pamalo amodzi. Umayamba waithamangitsa pamsewu, n'kuizimitsa ikadali paliwiro, kenako n'kudikira kuti izizire. Ndinachita zimenezo mumsewu wathu womwewu, njinga ikudumphadumpha, ana akuseka. Nditamasula pulagi ndi sipanala, nsonga yake inali bii. Ndinaipaka pachala n'kuwaonetsa alamu.

"Onani, mwaye wouma. Ikanakhala nkhalamba monga mukuneneramo, bwenzi pali ponyowa ndi oilo. Iyi sinakalambe. Ndi yosusuka chabe."

"Ndiye yatengera kubanja kwanu," anatero alamu.

Mankhwala a wosusuka ndi kusala. Ndinatsuka pulagi, ndinapotoza kasikuluwu ka pa kabuleta, chipangizo chija chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya, kuti petulo azilowa wochepa. Ndinathamangitsanso njinga. Pulagi bii. Ndinatsitsa singano ya m'kabuletamo kuti ndiimane kwambiri. Pulagi bii. Alamu anali atakhala pa ndowa yovundikira, akudya mtedza wathu, akundiuza kuti ndiitengere kuphiri kwa aneneri ovala zoyera akaichotse chiwanda.

Sefa ya mpweya sindinaiganizire, poti ndinali nditaitsuka ndekha mphepo isanayambe. Koma nditakhala pansi, m'manja muli bii, ndinanena chamumtima kuti, Ambuye, kachitsuloka sikananamepo, ndithandizeni kumva chimene kakunena. Pamenepo ndinakumbukira kuti pulagi yakuda imanena zinthu ziwiri. Ine ndinkangomva za petulo wochuluka. Za mpweya wochepa ndinali nditazitsekera khutu.

Ndinachotsa mpando, n'kusuzumira pakamwa pa bokosi la mpweya. Munali kansalu ka maluwa obiriwira, kopindidwa kangapo, kolowetsedwa mosamala mpaka kutseka bowo lonse. M'mbali mwake munali mpendero wosokedwa bwino, ulusi wake wowongoka ngati mzere wa m'buku. Masokedwe amenewo ndinkawadziwa. Ali pamakolala a malaya anga onse.

Alamu anayamba kuseka mpaka mtedza kuwatsamwa. "Achemwali! Tabwerani mudzaone chiwanda chija, chavala chitenje chanu!"

Akazi anga anatuluka akupukuta m'manja. Ataona kansaluko sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

"Mwachotseranji? Si inu munati fumbi limapha injini? Inu ndakusokerani, ndiye inzanuyo ndiisiye izimeza fumbi?"

"Amayi, mwaitseka mphuno. Yakhala ikubanika masabata onsewa."

"Inu kanu kaja simubanika nako bwanji?"

"Ine ndimakatsitsa ndikangokhota pakona."

"Ohoo! Ndiye lero taululirana," anatero, manja ali m'chiuno. Alamu anagwa pandowa paja.

Ndinaponda njinga, ndipo inadzuka kamodzi n'kamodzi. Ndinathamanga nayo ndikuimba nyimbo yotamanda, koma chimwemwe changa chinali cha msanga. Injini inayamba kuthetheka, kutentha kwake kukumveka m'miyendo. Nditamasula pulagi, inali mbuu ngati phulusa. Ndinali nditaiwala kuti ndaimana petulo tsiku lonse. Tsopano mpweya unkalowa mwaufulu, koma chakudya panalibe. Wosusuka uja ndinali nditamusandutsa wosala wofuna kufa ndi njala, ndipo ndikanapita naye ku Hopley choncho, injini ikanapsera panjira.

Ndinabweza singano pamalo pake. Kasikuluwu ndinakabweza pang'onopang'ono, ndikuthamanga, kuzimitsa, kudikira, kumasula. Akazi anga anabwera ndi tiyi, naima pambali panga. Ulendo womaliza ndinaika pulagi pafupi ndi kapu. Mtundu unali umodzi.

"Ndiye kuti yachira?" anafunsa.

"Yachira."

"Achimwene, kabichi wanu muzinyamulabe pamutu," anatero kwa alamu.

Loweruka lotsatira akazi anga anatuluka m'nyumba atavala mpango, atanyamula kaphukusi. Anati sangalole kuti ndipite ndekha, chifukwa akufuna aone ndi maso awo kona imene ndimatsitsirapo kansalu. Anakwera kumbuyo, nandigwira malaya mwamphamvu ngati ndine wakuba. Njira yonse ankandikumbutsa za maenje amene ndinkawaona kale.

Tisanafike n'komwe, tinaona madala aja ali pampando panja, nkhope italoza kumsewu. Mdzukulu anati agogowo anaumirira kuti awatulutse atangomva kulira kwa njinga patali.

"Ndinu?" anafunsa madalawo, akufufuza dzanja langa. "Ine ndimayesa mwanditsogolera kumwamba osanditsanzika."

"Ayi madala, njinga ndi imene inadwala."

"Inadwala chiyani?"

Ndinayang'ana akazi anga. Iwo anali akumasula kaphukusi kaja pamwendo pa madalawo. Munali mabanzi, ndipo chokulungira chake chinali kansalu ka maluwa obiriwira, kochapidwa ndi kusitidwa.

"Inasamalidwa kwambiri," ndinatero.

Madala anadya banzi lonse, napempha lina. Kenako anavula chipewa, ife tinagwada pafumbi lomwelo, ndipo anayamba okha pemphero m'chinenero chathu. Anatchula adzukulu awo, anatchula ine ndi akazi anga, ndipo chakumapeto anapempha Ambuye kuti akumbukirenso njinga.