Mwala Woyandama wa a Mwenda

"Ndiye mundimenya chifukwa cha mwala? Mwala, achimwene? Kodi miyala inatha padziko lapansi?"

Ameneyo anali Elvis wa ku Ndirande, amene anatipeza m'chipinda muno chaka chino. Anali ataima pakhomo la bafa, thaulo lili m'khosi. Ine ndinali nditaugwira mwalawo ukudontha madzi a sopo, ndipo ndikanapanda kuugwira ndi manja awiri, dzanja limodzi likanatera patsaya pake. Nkhaniyi yafika kale m'zipinda zina za ku International City kuno, akuti ine Ellard ndapenga ndi dzuwa la Dubai. Chabwino. Koma muyambe mwadziwa mwini mwalawo.

Ndi a Davies Mwenda, a ku Kasungu, aimvi mbuu. Bedi lawo ndi lam'munsi pafupi ndi zenera, ine ndimagona pamwamba pawo. Amalondera pageti la nyumba zina ku Mirdif, tsiku lonse ali chiimire monga tonsefe, ndipo eni nyumbazo amawadutsa ngati akudutsa polo yamagetsi. Akachedwa kukweza chitsulo cha pageti, ndi hutala basi, "Yalla, yalla!" Iwo amangoti shukran, zikomo wa Chiarabu, n'kumwetulira. Ine ndikanachotsedwa kalekale.

Asanavale yunifomu, bambo amenewa anali dalaivala wa kampani ina yoyendetsa alendo ku Lilongwe. Ankanyamula azungu pa chigalimoto cha matenti pamwamba, Liwonde, Nyika, Luangwa, konseko. Koma ulendo umene amaukamba mpaka tiyi kuzizira ndi wa kumpoto kwa Tanzania, ku paki ina yaikulu ya mapiri amene kale ankalavula moto. Masiku onyamuka atayandikira, khukhi wa kampani anagwa ndi malungo. Bwana ali kakasi, a Mwenda anangoti, "Bwana, kunyumba ndili ndi munthu wodziwa poto." Umu ndi mmene akazi awo, mayi Dainess, amene ulendo wawo wautali unali wa kumaliro ku Mchinji, anakwerera galimoto ya azungu atakhala pathumba la mbatata.

Muwamve akamafotokoza pa tsiku lopuma, atavula majombo.

"Ellard mwana wanga, phiri lonse linadzigwera m'mimba. Ukaima pamlomo pake n'kuyang'ana pansi, njati zimaoneka ngati nkhupakupa pamsana pa ng'ombe. Kutsika kwake giya wani, phazi pabuleki, azungu onse zii. Ukafika pansi, dothi lakuda bii, ndi phulusa limenelo, ndipo udzu wake mbidzi zimanenepa mpaka kunyezimira."

Amakamba za njiri zothawa michira ili m'mwamba ngati eriyo ya wailesi. Amakamba za kasupe wina wotentha, wonunkha mazira owola, amene mayi Dainess anakana kuyandikira, akuti kumeneko n'kukhomo kwa Satana. Koma akafika pa nyamalikiti mawu amasintha. Akuti mayiwo atangoiona, khosi lili pamwamba pa mtengo, anawakoka malaya.

"Bambo a Angelina, chimenechi chimamwa bwanji madzi?"

"Dikira uone."

Chitafika padziwe n'kutangadza miyendo yakutsogolo ngati munthu woledzera wofuna kutola kapu, mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi m'galimoto. Azungu anasiya nyamalikiti n'kumajambula iwowo.

Mwalawo mayi Dainess anautola kunja kwa geti la paki, pakamtsinje pamene ankatsuka mapoto. Mayi wa ku Malawi akaona mwala wokhakhala bwino, saganiza china koma mapazi. Anautola, unawapulumuka, unagwera m'madzi. Osamira! Ukuyandama ngati chitsekerero cha botolo, kumapita. Mayiwo anataya poto n'kuthawa akukuwa za ufiti. Wagemu amene ankawaperekeza anaseka, anauvuula, n'kuwafotokozera a Mwenda m'Chiswahili chosakaniza ndi manja. Akuti phiri likamaphulika, mwala umasungunuka n'kuchita thovu, ndipo thovulo likazizira mpweya umatsekeredwa mkati.

"Ndi thovu, Ellard," amatero a Mwenda. "Ngati la masese, koma louma."

Mayi Dainess anaumangirira pansonga ya chitenje n'kubwera nawo kumudzi. Zaka zonse zotsatira ankakwechera mapazi m'bafa lawo laudzu ku Mtandire, mbali imodzi yokhayokha, mpaka mbaliyo inakumbika kadzenje kosalala, kokwanira chidendene chawo ndendende. Kenako alendo anachepa, kampani inatseka, mayiwo anadwala chifuwa ndipo sanadzukenso. Angelina, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali ku sekondale. A Mwenda anagulitsa njinga ndi wailesi, anabwera kuno kudzaimirira pageti la eni, mwalawo uli m'sokosi.

Chifikireni sunakhudzepo madzi. Ukawauza kuti tauyandamitsani tione, amakana. Umakhala pazenera, ndipo akamakamba za njati zija chala chawo chachikulu chimakhala m'kadzenjeko, kumangosisita. Tonse m'chipinda muno tinkadziwa. Ngakhale mnzathu wa ku Nepal, amene Chichewa chake ndi "zikomo" basi, akamapukuta zenera ankauzungulira.

Mwezi uno a Mwenda apita kumudzi kukakwatitsa Angelina. Mwala anausiya, akuti anthu a pabwalo la ndege angaulande. Ine kampani inanditumiza kukagwirizira ku Jebel Ali, ndinkagona komweko. Mkati mwa masabata amenewo kunabwera kapitawo woyendera zipinda, n'kunena kuti pazenera pasakhale kanthu, khalas, nkhani yatha. Elvis ndi amene anachotsa zinthu. Ndipo Elvis, mapazi ake ong'ambika ndi majombo, ataugwira mwalawo n'kumva kukhakhala kwake, anapita nawo kubafa.

Mwala ukangofika kubafa ndi wa aliyense. Bafa lathu timagawana ndi zipinda zina ziwiri, amuna okhaokha oima tsiku lonse, ming'alu yoti ungabisemo khobidi. Mmene ndimabwera ndinaupeza pansi pafupi ndi ngalande, utachepa, utasalala mbali zonse ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Kadzenje kaja kulibe.

"Sindinadziwe," anatero Elvis, mawu atatsika pang'ono.

"Sunadziwe? Iwe si amene unkati madala ayamba filimu yawo ya njati, n'kutseka makutu ndi mahedifoni?"

"Ndimamva za nyama zokha. Za mwala sindinamve."

"Unamva kuti umayandama, chifukwa anthu a chipinda chinacho akuti unkawaonetsa m'ndowa!"

Anayang'ana pansi. Apa n'kuti Amos, mnzathu wa ku Chipata, atatsika pabedi lake kudzatilowa pakati.

"Iwe Ellard, siya chabe. Manje tichite so. Ku Dragon Mart iliko mingi miyala ya so, ya mapazi. Tigula umodzi, tikumba na supuni, tiupaka tudothi pang'ono. Mudala maso yake yanasila, sazaona."

"Amwene, mwati supuni?"

"Ni kumuthandiza, habibi, m'bale wanga. Ufuna alile?"

Ndinakhala pansi kaye. Amos si munthu woipa, ndi amene amawagulira mankhwala a mawondo a Mwenda. Koma taganizani. Munthu wasisita kadzenje kameneko zaka zonsezi, chala chake chikukadziwa kuposa mmene chimadziwira thumba la malaya ake. Abwere, akhale pabedi, aike chala m'dzenje la supuni. Adzadziwa nthawi yomweyo. Ndipo poti ndi a Mwenda, sadzanena kanthu. Adzaubwezera pazenera, adzati shukran, n'kumagona pakati pa anthu amene anamuona ngati chitsiru. Pageti amupeputse, m'chipinda mwakenso timupeputse? Bambo amene ananditenga nditangofika, ndikulira ndi kutentha, n'kundiphunzitsa basi yokwera ndi mmene ungaimire osatupa miyendo? Ayi. Ine ndili moyo, supuni sikhudza mwala uliwonse m'nyumba muno.

Ndautsuka sopo uja, ndauyanika, ndaubwezera pazenera momwe ulilimo. Kapitawo akafuna, adzayankhule ndi ine. Ndikauyang'ana ndimaona mayi amene sindinawaonepo, ali pakamtsinje ku Tanzania, poto ali pansi, akuthawa mwala. Ndimaona a Mwenda ali ndi tsitsi lakuda, dzanja pachiwongolero, mkazi wawo akuseka kumbuyo. Chimene chinatsala cha masiku amenewo chapita m'ngalande ya ku International City pamodzi ndi litsiro la mapazi athu.

Ndege ya a Mwenda ikutera Lachisanu. Dzulo ndamva kuti Elvis wapempha ovataimu Lachisanu lomwelo ndi Loweruka, ndipo akufunsafunsa za bedi lopanda munthu ku chipinda cha anyamata a ku Uganda. Akufuna madala adzapeze mwala uli pazenera, ife tonse tikuyang'ana kudenga, wina n'kunena kuti mwina ndi mphepo ya eyakoni.

Elvis, ndikudziwa uwerenga izi, anzako akutumizira. Sindikufuna ugule kanthu, palibe sitolo yogulitsa chimene unawononga. Ovataimuyo ndayankhula kale ndi Amos, akugwirira. Lachisanu ukhale muno. A Mwenda akaika chikwama pansi, iwe uutenge mwalawo pazenera ndi manja awiri, ugwade monga anakuphunzitsira amayi ako, uwapatse, ndipo uwauze ndi pakamwa pako amene anaupititsa kubafa. Akakukhululukira ndi zawo. Akalira, ukhale pomwepo uwaone akulira. Koma ukathawa, ndikutsata ku geti lako, pamaso pa mabwana ako, ndipo udzayankha komweko.