Chala cha Bambo pa Swichi

Magetsi atafika m'nyumba mwathu ku Lobi, ine ndinali nditayamba kale uphunzitsi, koma ndinapempha tchuthi kuti ndikadzionere ndekha. Kunali chisanu tsiku limenelo, chifunga chitatsika m'mapiri mpaka pabalaza panachita mdima masanasana.

Tonse tinagwirizana kuti oyamba kuyatsa akhale bambo. Iwo anakulira kucheka matabwa a paini kuphiri la Dedza, ndipo chilichonse chimene anachigwirapo chinkafuna mphamvu: sowo, chipika, khasu, ngakhale chitseko chathu chimene chinkatseguka pochikankha ndi phewa. Anavula chipewa, napinda manja a malaya, naponda pansi molimba ngati akufuna kugubuduza mtengo.

"Ababa, n'kungokhudza chabe," ndinawauza.

"Iwe, moto wochokera kutali chonchi ungabwere ndi kukhudza?"

Anaika chala chachikulu pa swichi, nakankha ndi thupi lonse. Babu linayakadi, mayi n'kuyamba nthungululu, koma pomwepo tinamva kuti tswa! Chivundikiro cha swichi chija chinali chitang'aluka pakati.

Bambo anayang'ana chala chawo, nayang'ana khoma.

"Kanthu kofewa ngati dzira," anatero motsitsa mawu, "n'kumawalitsa nyumba yonse?"

Mayi ndiwo anayamba kuseka, mpaka anakhala pa thumba la nyemba akupukuta misozi ndi chitenje.

"Bambo a ana, mumati mugwetse khoma kodi?"

Bambo nawonso anaphulika chiphwete. Anthu oyandikana nafe, amene anabwera kudzaona magetsi, anatipeza tikuseka pansi pa babu loyaka, ndipo anayamba kuseka nafe asanamve n'komwe nkhani yake.

Mwamwayi munthu amene anatiikira mawaya anali asanapite patali. Anabwerera n'kutiikira swichi ina, bambo ataima chapatali, manja kumbuyo. Mayi anadutsa atanyamula beseni la mbatata ya kachewere, nagunda swichiyo ndi chigongono. Kunawala. Anagundanso, kunazima.

Sabata yonse imeneyo ndinkawapeza bambo akuyeserera ndi kachala kakang'ono, atapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Lamlungu litafika, tikuchokera ku Misa, anaitana anzawo a kumphakati kuti adzaone. Anawandandalika pakhoma, aliyense kudikira nthawi yake, iwo n'kumawalangiza ngati katswiri:

"Pang'onopang'ono, anzanga. Musalimbane nako, kamamva msanga."